Kasungidwe ka mabisiketi ofewa

Mayi a ku Kawale: Ndimaphika mabisiketi ofewa ogulitsa muno mu Lilongwe, koma akagona masiku awiri amayamba kuuma. Kodi ndiziwasunga bwanji, ndipo angathe masiku angati asanawonongeke?

Mayi a ku Area 25: Amayi, muziyamba mwawasiya kuti azizire bwinobwino, chifukwa mukawatsekera akadali otentha, nthunzi imawanyowetsa ndipo sachedwa kuchita chuku. Akazizira muwaike m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi kachidutswa ka buledi, kamene kamawapatsa chinyezi, ndipo amakhalabe ofewa masiku 3 mpaka 5.

Bambo a ku Biwi: M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala, musadikire masiku onsewo. M'firiza amatha kukhala miyezi 3, koma m'firiji wamba amangouma.