Ndithandizeni nzeru, ma AED akukanika kuyenda malonda

Wageni_BT

Moni nonse muno. Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zachipatala, zambiri ndi makina oyezera BP, oyezera shuga, magulovu ndi zina zotero, zimenezo zimayenda zokha olo osatsatsa. Nde abwana anaitanitsa ma defibrillator, ma AED aja, timakina tonyamula pamanja tomenya mtima ndi magetsi munthu akagwa mtima utaima, andipatsa ine kuti ndizitsatsa. Koma abale zavuta. Ndayenda m'mahotela, majimu, masukulu apulaiveti, mafakitale, kundilandira amandilandira bwino mpaka tiyi koma ndikangotchula mtengo nkhope zimasintha. Ena akuti zimenezo nza madokotala ife tipha nazo munthu timangidwe, ena akuti chipatala tili nacho pafupi, bambo wina anachita kundifunsa kuti kodi mukutilosera maliro? Pa Facebook ndinaika chithunzi anthu angolaika basi palibe wofunsa. Kodi chinthu choti munthu amagula uku akupemphera kuti asadzachigwiritse ntchito chimatsatsidwa bwanji?

MaiNesi

Achimwene vuto si mtengo wokha, anthu mukuwagulitsawo sakudziwa kuti munthu woti mtima waima amaoneka bwanji, nde agula bwanji mankhwala a matenda omwe sakuwadziwa. Kwathu kuno munthu akagwa timati wakomoka, wina kumuthira madzi, wina kumukupiza ndi chitenje, wina kumuvula nsapato, akangoti phuphaphupha pang'ono onse kutalikira kuti ndi khunyu. Chonsecho mtima ukaima munthu amatha kugwedezeka kaye ngati wakhunyu, komanso amatha kukoka mpweya mwa apo ndi apo mokhala ngati nkonono, anthu nkumati ayi akupuma msiyeni atsitsimuka. Kumeneko sikupuma ayi. Munthu wosayankha ukamuitana nkumugwedeza, amene sakupuma bwinobwino, yambani pompo kumudinikiza pakati pa chifuwa, manja awiri osanjikiza, mwamphamvu kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaopa nthiti, nthiti zimapola. Wina athamangire makinawo, wina aimbe foni kufuna thandizo.

Zoti chipatala chili pafupizo muziwauza kuti mphindi iliyonse yodutsa popanda thandizo mwayi wopulumuka umatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse. Muwerengere nokha, kufuna galimoto, kumunyamula, mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, pofika ku chipatala ubongo wapita kale.

Ndipo zoti apha nazo munthu si zoona. Makinawa amayamba ayeza okha kagundidwe ka mtima, amamenya shoko pokhapokha akapeza kuti mtima ukungonjenjemera osapopa magazi. Mtima ukakhala ukugunda bwino sangamenye olo mutadina batani kangati. Ndipo amalankhula, amakuuza kuti mata apa, mata apa, musamugwire, dinani. Makinawa ali ndi zomata ziwiri za pachifuwa, chimodzi chimamatidwa pansi pa fupa la m'khosi kumanja, china kumanzere m'nthiti pansi pa khwapa, zithunzi zake zili pa zomatazo. Chachikulu chifuwa chikhale chouma ndipo pomenya shoko aliyense achotse manja.

Neba12

Aise iwe siya zoika chithunzi cha bokosi pa Facebook, ndani angagome ndi bokosi kkkk. Amalawi timamva za mpira, lowera kumeneko. Aliyense anaonera Christian Eriksen akugwa yekha popanda womugunda pa 12 June 2021, Denmark ndi Finland ku Copenhagen, anzake atamuzungulira ena akulira. Anamudinikiza pachifuwa pabwalo pomwepo, shoko imodzi mtima unabwerera, 2022 munthu ali ku Brentford akumenya mpira kenako Manchester United. Nde uwakumbutse za Marc-Vivien Foé wa Cameroon mu 2003 ku Lyon, anagwa pakati pa bwalo akusewera ndi Colombia, sanadzukenso. Aneba athu a ku Zambia anataya Chaswe Nsofwa mu 2007 ku Israel, anagwa pa masewero okonzekera, mnyamata wamphamvu zake. Fabrice Muamba 2012 Bolton ikusewera ndi Tottenham mtima unaima mphindi 78 koma chifukwa anamuyamba msanga ndipo sanamusiye mpaka lero ali moyo. Awatu si nkhalamba za BP, ndi anyamata othamanga mphindi 90, nde amene akuti mukutilosera maliroyo umufunse kuti iyeyo ali fiti kuposa Eriksen?

Ine ndikanakhala iwe ndikanayambira kwa eni matimu, masukulu omwe ali ndi masewero ndi okonza mipikisano yothamanga, amenewo nkhaniyi akuidziwa kale sufunika kuyambira patali.

Achemwali_Leeds

Ine ndili ku UK ndimagwira ya care, kuno makinawa ali mbwee, pakhoma la supamaketi, pa siteshoni, pa holo ya m'mudzi, mpaka timanyumba tofiira ta matelefoni akale tija ena anatisandutsa mosungira ma AED. Koma musaganize kuti ndi ogulitsa anachita zimenezi ndi malonda a pa TV. Zinayamba nkuphunzitsa anthu. Ife kuntchito sungayambe osaphunzira CPR, kudinikiza pachifuwa kuja, pa chidole, ana kusukulu amaphunzitsidwa, pa 16 October chaka chilichonse kuli Restart a Heart, tsiku lophunzitsa anthu CPR, ndipo bungwe la British Heart Foundation ndi anzawo ali ndi kaundula wotchedwa The Circuit momwe makina amalembetsedwa kuti ukaimba 999 akuuze kuti apafupi ali pakuti, ngati bokosi ndi lokiya akupatsa ndi nambala yotsegulira. Ambiri omwe ali m'midzimu anagulidwa ndi ndalama zosonkha, kawirikawiri banja lomwe linataya munthu ndi limene limayambitsa.

Nde achimwene pemphani abwana anu agule chidole ndi AED yophunzitsira, ija yosamenya magetsi. Mukapita pa hotela musayambe ndi mtengo, nenani kuti ndabwera kudzaphunzitsa antchito anu ulele ola limodzi. Alonda, okonza m'zipinda, a ku khitchini, onse agwade adinikize chidolecho, amve makina akulankhula. Bwana akaona mlonda wake wakwanitsa yekha mantha a zomangidwa aja amatha, ndipo antchito omwewo ndi amene azimukumbutsa. Komanso afunseni kuti chozimitsira moto chija chili pakhomacho anachigwiritsapo ntchito liti, bwanji amachilipirabe sevisi osadandaula.

China, mukagulitsa muwauze poika. Ndikudziwa kwathu, chinthu chodula chimakakhala mu ofesi ya bwana, bwana ali ku Lilongwe ndi makiyi. Chikhale pa risepushoni poonekera, chikwangwani chobiriwira cha mtima ndi mphezi chija pamwamba.

Kambazako

Ine nditsutsako pang'ono musandide. Zonsezi nzabwino ku Leeds komwe ambulansi imabwera ndi anthu odziwa ntchito. Kuno mwamumenya shoko mtima wabwerera, kenako? Munthuyo akufunikabe chipatala chenicheni chifukwa chomwe chaimitsa mtimacho chilipobe. Komanso ogulitsa inu mumabisa zoti zomata zija zimatha ntchito pakapita zaka zingapo olo osazitsegula, batire nalonso chimodzimodzi, ndipo ukagwiritsa ntchito kamodzi zomatazo nzotaya. Ndi mavuto a forex alipowa mudzakhala nazo mu sitoko? Osangotigulitsa bokosi lidzalire alamu pakhoma inu foni osayankha. Ndalama imeneyo pa sukulu ya kumudzi bola kugula makina a BP aphunzitsi aziyezedwa, BP nde ikutha anthu mwakachetechete.

MaiNesi

A Kambazako za zomata ndi mabatire mwanena zoona, wogula afunse tsiku lotha ntchito ndi mtengo wa zosinthira asanapereke ndalama, ndipo pakhale munthu mmodzi woti aziona kagetsi kake ngati kakuonetsa kuti zili bwino. Za BP ndikugwirizana nanunso, sindingauze sukulu ya kumudzi kuti iyambe ndi AED, koma CPR aphunzire poti manja ngaulele. Pomwe tasiyana mpoti kenako. Wobwera mtima ukugunda ife tili ndi poyambira, wobwera utaima kwa theka la ola timangotsimikiza basi. Komanso anthu asatengere za m'mafilimu zomenya shoko mzere woonetsa kugunda kwa mtima utagona fulati, pamenepo makina amakana, amati pitirizani kudinikiza, nde wina asadzati bokosi ndi lakufa. Malo odzadza anthu tsiku ndi tsiku monga bwalo la ndege, masitediyamu, mamolo, mafakitale akuluakulu ndi mahotela a kunyanja omwe ali kutali ndi chipatala, amenewo alibe chonamizira.

Wageni_BT

Zikomo nonse, za chidolezo ndikawauza abwana Lolemba, ndipo zomata zosinthira ndikafunsa kuti tili nazo zingati ndisanalonjeze munthu. Koma kuphunzitsako ine si wachipatala, a MaiNesi mungapezeke Loweruka lina tikayambe limodzi pa jimu ina yomwe anaonetsako chidwi? Thiransipoti ndi ya ife. Ndakulemberani ku inbox.