Country ndi house m'nyimbo imodzi: gitala ikukana kugwirizana ndi kick

Chiko_Rosettenville

Moni nonse akuluakulu a kuno ku Joni. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zojambula nyimbo. Nyimbo yake ndi ya country, ya gitala wamba ndi banjo, yojambulidwa pa liwiro la 96 BPM (ma beat, kapena kuti kugunda, pa miniti) mu kiyi ya D. Cholinga n'choti ivinike mu kalabu ngati house, pa 124. Ndikaikoka mu pulogalamu ya FL Studio kuti ifike pamenepo, gitala ikumveka ngati ikulirira m'madzi, ndipo ndikaika kick (ng'oma yaikulu ya mawu apansi) zonse zikusanduka phala. Kolasi ikafika, ng'oma ndi mawu zikusemphananso. Zida ndi laputopu, Focusrite Scarlett 2i2 (kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta) ndi maiki imodzi ya condenser. Vuto lili pa kajambulidwe kapena pa mix (kasakanizidwe ka mawu a zida zonse)?

aPhiri wa ku Turffontein

Achimwene, mix musaiyambe kaye. Kuchoka pa 96 kufika 124 ndi kuwonjezera liwiro ndi 29 peresenti, ndipo gitala wamba siipirira zimenezo. Kompyuta ikamakoka mawu imawadula tizidutswa n'kutilumikizanso, ndiye kaphokoso ka chala chikangogunda waya kamafufutika. Madzi mukumvawo ndi amenewo. Kusuntha ndi ma BPM anayi kapena asanu kumabisika, koma 28 ayi. Jambulaninso basi.

Musanajambule, imbani nyimboyo pakamwa pa 124. Ngati mawu akuthamanga mpaka kumeza zilembo, yesani pa 112 kapena 113, pomwe amapiano amayendera. Apo ayi, siyani ng'oma pa 124 koma mawu aziyenda theka lake, ngati pa 62. Nyimbo zachisoni za country zimakoma kwambiri mwanjira imeneyi.

Kusemphana kwa pa kolasi kuli ndi magwero awiri. Country yambiri imayenda modumphira, mwa shuffle, pamene hi-hat (tizitsulo tolira "tsi-tsi") ya house imagawa nthawi mofanana. Sankhani chimodzi: muwongole dzanja lamanja pa gitala, kapena mukweze swing (kudumphira) ya ng'oma mpaka ifanane ndi gitala. Gwero lina, lomwe ambiri saliona, n'loti oimba country amakonda kuwonjezera ma beat awiri kumapeto kwa mzere kuti apume. Pa khonde la kumudzi palibe angadandaule, koma house imawerenga ma bar (bar imodzi ndi ma beat anayi) 8 ndi 16 mosaphonya. Tengani cholembera muwerenge ma bar a vesi yanu. Mukapeza 8 ndi theka, wakubayo mwamugwira.

Pojambula musamvere click (kaphokoso kosunga liwiro) yokha, imaumitsa dzanja. Ikani kick ndi hi-hat zizilira m'mahedifoni otseka makutu, kuti zisadonthere mu maiki, ndipo buffer ya mu FL Studio, yomwe imayeza kuchedwa kwa mawu m'mahedifoni, ikhale pa 128.

Nabanda_Beats

APhiri anena zoona. Ine ndiwonjezere za phalalo.

Yambani ndi kiyi. Pa sub bass (besi yapansi kwambiri), D wapansi ali pa 37 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), masipika ambiri samufikira. D wapamwamba pake ali pa 73 Hz, ndipo akusowa kulemera. G ali pa 49 Hz, A pa 55, ndipo awiriwa amamveka pachifuwa mu kalabu. Banjo ya mawaya asanu nayonso imachunidwa mu G, kotero kiyi imeneyi imagwa bwino m'zala. Komabe pakhosi panu ndi pomwe pangagamule. Ngati G yakwera kwambiri, ikani capo (chopanira mawaya) pa fret yachiwiri ya pakhosi pa gitala, muzigwira ma chord a D omwewo, nyimbo ikhale mu E, pa 41 Hz.

Maiki isayang'ane bowo la gitala, pamenepo ndi pochokera mdidi wonse. Iyang'ane pa fret ya 12, mtunda wa masentimita 25, ndipo mphamvu ya mawu ake isapitirire -10 dB pojambula. Kenako dulani zonse za pansi pa 120 Hz pa gitala, ndi pansi pa 200 Hz pa banjo. Mukaimva yokha iwonda ngati ya chitini, musade nkhawa, malo amenewo ndi a kick ndi besi. Ngati phala likadalipo, tsitsani 3 dB chapa 250 Hz.

Besi ya country imagunda pa beat yoyamba ndi yachitatu, kusinthana noti ya kiyi ndi yachisanu yake. Pamenepo kick ilipo kale, ndiye zimakanganirana mpando. Sungani manoti omwewo koma muwasunthe azigwera pakati pa ma kick. Kakomedwe ka country kamatsala, ndipo thupi limayamba kugwedezeka lokha. Pomaliza ikani sidechain pa besi ndi gitala, kuti zizitsika mphamvu kick ikagunda: ratio 4:1, attack (kutsika) yofulumira, release (kubwerera) ya 150 mpaka 200 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi). Pa 124 beat imodzi ndi 484 ms, choncho release ikatalika kwambiri besi imakhala isanadzuke kick ina yafika kale.

Malume Jay

Chemwali, pa besi ndikuvomera, koma pa gitala ndi banjo tisiyana pang'ono. Kukoma kwa banjo kuli pa kugunda koyambirira, chifukwa mawu ake amazima msanga. Mukaipondereza nthawi iliyonse kick ikalira, mwachotsa noti yoyamba ya beat iliyonse, yomwe ndi imene imanyamula chuni. Pa gitala 2 dB yakwana, banjo isiyeni.

Ndipo sikuti zonse zizilira limodzi. DJ Avicii atabweretsa banjo pa steji ya chikondwerero cha nyimbo cha Ultra ku Miami mu 2013 anthu ambiri anadandaula, koma mukamvetsera momwe ankasanjira, gitala imanyamula vesi, synth (kiyibodi yamagetsi) n'kutenga drop (pomwe kick ndi besi zimagwa mwamphamvu). Zimapatsana mpata. Chitani chimodzimodzi: vesi ikhale ya gitala, mawu ndi kick yofewa, ndipo pa drop tengani manoti anayi kapena asanu a banjo aziimbidwa ndi synth, banjo yeniyeni ili pambuyo pake.

Tisaiwale chipinda. M'mafulati athuwa ma taxi amayamba kuliza mahutala kusanache, ndipo condenser imatola chilichonse, ngakhale firiji ya kukhitchini. Jambulani usiku, firiji yozimitsa, mutapachika mabulangete awiri kumbuyo kwanu. Mathireyi a mazira pakhoma ndi zokongoletsa chabe. Mukamva kaphokoso ka "mmm" kosalekeza, ndi magetsi a 50 Hz, ndipo kawirikawiri kamalowera pa chaja. Zulani chaja mujambule pa batire, makamaka mukakhala pa inverter magetsi atathima.

Wina akafuna kuikamo babatoni yakwathu, adziwe kuti ikukhala malo a besi. Chimodzi chichoke, ndipo aichune ndi tuner asanajambule, osati ndi khutu.

Chiko_Rosettenville

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndawerenga, vesi ilidi ndi ma bar 8 ndi theka. Nanga nyimboyo ikatha, kwa ma DJ ndi pa intaneti ndipereke fayilo imodzi yomweyo?

aPhiri wa ku Turffontein

Ayi, konzani ziwiri. Ya ma DJ iyambe ndi ma bar 16 kapena 32 a ng'oma zokha, ithenso chimodzimodzi, chifukwa nyimbo yoyamba ndi gitala yopanda kick DJ amasowa poigwira ndipo amangoidumpha. Ikhale WAV, ndipo zonse za pansi pa 120 Hz zikhale mono (zofanana m'masipika onse awiri). Ya pa intaneti ifupike, mawu alowe msanga. Spotify imasalaza nyimbo chapa -14 LUFS (muyeso wa kufuula kwa nyimbo), choncho kuifinya mpaka -7 kumangopha gitala osapindula kanthu. True peak (pomwe mawu afika pamwamba kwambiri) isapitirire -1 dB.

Mapepala a ku mabungwe a umwini wa nyimbo muwakonze isanatuluke. SAMRO, ya ku Braamfontein, imatolera ndalama za wopeka nyimbo ikaseweredwa pa wailesi kapena pagulu. CAPASSO imaona za kukopera ndi ma stream, pamene SAMPRA ndi ya mwini wa chojambulidwacho ndi oimbamo. ISRC, nambala yozindikiritsa chojambulidwacho, amapereka ndi a RiSA, bungwe la makampani ojambula nyimbo kuno, kapena kampani imene ikukuikirani nyimbo pa intaneti. Ngati munalembetsa kale ku COSOMA, bungwe la umwini wa nyimbo kumudzi ku Malawi, afunseni kaye musanalembetse ntchito yomweyo kwina. Woimba banjo mulemberane naye pepala la magawo tsiku lojambula lomwelo, asanatuluke pakhomo.

Nabanda_Beats

Kanthu kamodzi aPhiri aiwala. Ngati mwadula kachidutswa m'nyimbo ya country ya munthu wina, ngakhale masekondi atatu, pakufunika chilolezo cha mwini chojambulidwa ndi cha wopeka, apo ayi idzachotsedwa. Imbani nokha manoti anu. Ndipo theka la bar lija musalitaye: likwaniritseni likhale bar yathunthu, mufupikitse vesi ndi bar imodzi kuti 8 ikwane, kenako muzimitse kick pa bar imeneyo, mawu atsale okha drop isanagwe.