Nyimbo ya Bach ya maola atatu: tiidule bwanji pa Lachisanu Loyera?

Mphunzitsi wa kwaya:
Akuluakulu, thandizeni maganizo. Kwaya ndi ya anthu 24, chida ndi kiyibodi imodzi, ndipo nthawi yomwe tapatsidwa pa Lachisanu Loyera ndi mphindi 40. Tikufuna kuyimbako zigawo za Matthäus-Passion ya Johann Sebastian Bach, nyimbo ya masautso a Yesu monga mwa Uthenga Wabwino wa Mateyu, koma yonse imatenga pafupifupi maola atatu ndipo imafuna makwaya awiri ndi magulu awiri a zida. Kodi kuidula sikungakhale kuiwononga?

Wophunzitsa mbiri ya nyimbo:
Ayi bambo, musade nkhawa. Amene anaiukitsa nyimboyi nayenso anaidula. Felix Mendelssohn anabadwa mu 1809 ku Hamburg, ndipo ali mnyamata agogo ake aakazi, a Bella Salomon, anamupatsa manotsi ake olembedwa pamanja. Bach anali atamwalira mu 1750, ndipo nyimbo zake zikuluzikulu za m'tchalitchi zinali zitasiya kumveka. Pa 11 Marichi 1829, ali ndi zaka 20, Mendelssohn anaitsogolera ku Sing-Akademie ku Berlin, kwaya ya mphunzitsi wake Carl Friedrich Zelter, mnzake Eduard Devrient akuyimba mawu a Yesu. Anachotsa nyimbo khumi za munthu mmodzi ndi makorale (nyimbo za mpingo zoyimba kwaya yonse) angapo, nyimboyo n'kutsala ya maola awiri. Zida zakale ngati oboe d'amore kunalibe, choncho anaikapo clarinet, mwini wake akutsogolera ali pa piyano. Chimene sanakhudze kwambiri ndi nkhani ya Mateyu. Ndiwo msana wake umenewo.

Mayi wotsogolera kwaya ya achinyamata:
Tsatirani nzeru yomweyo, aphunzitsi. Mawu a mlaliki, woyimba amene amafotokoza nkhani ya Mateyu, asayimbidwe. Munthu mmodzi aziwerenga Mateyu 26 ndi 27 m'Chichewa, kwaya izilowa ndi korale pamalo anayi kapena asanu. Makorasi a makwaya awiri asiyeni, chifukwa anthu 24 mukawagawa pakati mumatsala ndi atenala awiri kapena atatu mbali iliyonse, ndipo mmodzi akasochera gulu lonse lagwa. Mwayi wanu ndi woti maimbidwe a korale ya O Haupt voll Blut und Wunden amabwera kasanu m'nyimboyi. Asoprano aphunzira mzere umodzi wokha, woyamba motere: m l s f m r m. Koma samalani, a alto, atenala ndi a besi mizere yawo imasintha, musawapatse pepala limodzi kuti akwanire nalo ponseponse.

Woyimba kiyibodi:
Pa kiyi pali msampha. Maimbidwe amenewa amayenda kuchokera pa re wapansi kufika pa re wapamwamba. Mwa zigawo zokhala ndi maimbidwewa, nambala 54 ili mu F, ndiye asoprano amafika pa G wapamwamba, ndipo ambiri amakuwa m'malo moyimba. Nambala 44 ili mu D, asoprano amangofika pa E wapamwamba, yabwino kwambiri kuyambira nayo. Ya 54 itsitseni ndi transpose (chosinthira kiyi pa kiyibodi) pa -2. Si tchimo, poti amene amayimba ndi zida za nthawi ya Bach amatchuna A pa 415 osati 440, kutanthauza theka la toni pansi. Mukatha bwezerani pa 0, apo ayi korale yotsatira idzamiza a besi. Sankhani liwu la organ lofewa, ndipo pedo musaiponde, imasakaniza makodi.

Mphunzitsi wa kwaya:
Zikomo nonse. Nanga nambala 62, ya maimbidwe omwewa, ya pambuyo pa imfa ya Yesu? Ndikufuna iyimbidwe popanda chida.

Wophunzitsa mbiri ya nyimbo:
Mendelssohn anachitanso chimodzimodzi, ndipo anthu amakhudzika nayo. Koma ndi yovuta kuposa zinzake chifukwa mizere ya a alto ndi atenala ili ndi manoti ambiri a theka la toni.

Mayi wotsogolera kwaya ya achinyamata:
Vuto lake kwaya imatsika pang'onopang'ono. Theka la toni lotsika amaliponda kwambiri, lokwera saalifikitsa. Poyeserera, kiyibodi izigunda kodi yomaliza ya mzere uliwonse okha atafika kale, amve okha pomwe atsikira. Chizindikiro cha fermata kumapeto kwa mzere ndi popumira, asakoke mpaka mpweya kutha. Kodi yomaliza ndi E major, ndiye amene ali ndi se (so wokwezedwa theka la toni) muwaphunzitse paokha kwa mphindi zisanu tsiku lililonse, asagwere pa so. Ngati pofika Lamlungu la Kanjedza akutsikabe, kiyibodi iziyimba mzere wa besi wokha, motsitsa kwambiri.