Ndithandizeni nzeru: manotsi anga a The Grapes of Wrath angosanduka nthano

Moni nonse a m'gulu muno. Dzina ndabisa dala, anzanga a m'kalasi alimo muno angandiseke. Ndili chaka chachiwiri ku koleji ndipo atipatsa buku la John Steinbeck, The Grapes of Wrath, lomwe linatuluka mu 1939. Lolemba likubwerali akufuna manotsi a masamba anayi okha, pomwe ine ndadzaza kale kope lonse.

Ndikatsegula kopelo ndikupeza kuti ndangobwereza nkhani. Tom Joad watuluka kundende ya McAlester, wapeza kwawo ku Oklahoma kuli zii, nyumba yaphwanyidwa ndi thalakitala. Banja lagulitsa katundu pamtengo wolira, lakwera chilole chakutha kulowera ku California pa msewu wa Route 66. Agogo aamuna afera panjira, awakwirira pomwepo. Agogo aakazi atsirizikira m'chipululu, Mayi Joad n'kugona pambali pa mtembo osauza munthu mpaka lole itawoloka. Ndiye manotsi amenewa?

Chinanso, machaputala afupiafupi aja osakamba za a Joad ndimangowalumpha. Chaputala 3 chonse ndi kamba akuwoloka msewu, abale! Ndikulakwa?

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Pamunda wa mapichesi amawalipira masenti 5 pabokosi. Banja lonse litathyola mpaka madzulo linapeza dola imodzi, Mayi Joad n'kukaisiya yonse m'sitolo ya mwini munda yemweyo, shuga n'kuchita kuwakongoza wogulitsa. Ndinatseka buku. Malemu agogo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Chimanga, mchere, sopo ankatenga pangongole, fodya akagulidwa bwana n'kudula zonse, iwo kubwerera ndi manja okhaokha. Ndingaziike zimenezi m'manotsi, kapena aphunzitsi ati ndasochera?

Mayankho

Mphunzitsi wopuma ntchito: Mwanawe, machaputala ukulumphawo ndi momwe muli nyama. A Joad akuonetsa kupweteka kwake, machaputala afupiwo akuonetsa chimene chikupweteketsa. Bwerera pa chaputala 5. Obwera kudzachotsa anthu paminda akukankhira mlandu kwa banki, ati ndi chilombo chosamva za munthu. Woyendetsa thalakitala ndi mwana wa m'dera lomwelo, akulandira madola atatu patsiku kuti adyetse ana ake. Mlimi wagwira mfuti koma akusowa womuwombera. Onanso timapepala tija toitana anthu 800 okakolola m'minda ya ku California: timwazidwa ponseponse kuti abwere ochuluka kuposa ntchito, malipiro atsike okha. Ndiye sankha funso limodzi lokha, mwina lakuti adasamutsa a Joad ndani, fumbi la chilala kapena ngongole. Tsamba lililonse liyankhe funso limenelo, ndipo ulembe nambala ya chaputala pomwe wapeza umboni. Kufotokoza nkhani kusapitirire ndime imodzi, aphunzitsi ako bukulo analiwerenga kale. Kamba uja usamunyoze, tayang'ana wasenza chiyani kumsana, akulowera kuti, ndipo ndani anamugunda dala.

Mnyamata wa ku Ndirande: Aise, ingoonera filimu yake ya 1940, usiku umodzi zatha. Ife tinakhoza choncho kkkk.

Mayi wa ana awiri: Achimwene musamunamize mwana. Filimu ya John Ford ija inasintha dongosolo, ndipo mathero a m'buku mulibemo.

Wa ku Joni: Ine sukulu ya mabuku sindinapite nayo patali, koma bukuli ndinaliwerengera kuno nditasowa ganyu miyezi iwiri. Za agogo akozo uziikemo, koma usaname kuti n'zofanana ndendende. A Joad sanadumphe malire, anali m'dziko lawo lomwe, pasipoti sinkafunika, galimoto anali nayo ngakhale yakutha. Komabe atafika ku California ankawatcha "Okie" (kutanthauza wochokera ku Oklahoma) monyoza, ine ndikawerenga ndimamva ngati mmene ena kuno amatitchulira makwerekwere. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene banja linkathothokera mmodzimmodzi. Noah, mkulu wake wa Tom, anatsalira kumtsinje wa Colorado, Connie anathawa mkazi wake Rose of Sharon, mlongo wake wa Tom, ali ndi pakati. Kuno amuna otere tikuwadziwa, foni imangoti sikupezeka.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Bambo a ku Joni anena zoona. Agogo akowo uwapatse theka la tsamba lomaliza, ulembe poyera kuti awa ndi maganizo ako, ndipo uwamangirire pa sitolo ya pamunda ija basi. Ukawabalalitsa ponseponse manotsi asanduka mbiri ya banja lanu.

Mayi wa ana awiri: Usasiyenso Rose of Sharon. Mwana wake atabadwa wakufa, madzi atasefukira, anayamwitsa bambo wachilendo amene ankafa ndi njala m'shedi ina momwe banjali linathawira. Anthu anakangana nazo kwambiri bukuli litangotuluka.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, funso la fumbi ndi ngongole ndalitenga, ndayamba kale kudula kope lija. Koma inu mayi, ine ndili pa chaputala 26, atsala anayi. Mwandiululira mathero!