Njoka za rattlesnake pa Pacific Crest Trail: ikakuluma uli wekha, uyende kapena udikire?

Anzanga amene munayendako njira ya Pacific Crest Trail ku California, ndithandizeni maganizo pa chigawo chochokera ku Campo kukafika ku Kennedy Meadows, mtunda wopitirira makilomita 1,100, kumene njokazi zimachuluka mu April ndi May.

Zoyambirira n'zodziwika. Ukamva mchira wake ukulira ngati chisekese, ima, uone kumene ili, ubwerere m'mbuyo mamita awiri kapena atatu, chifukwa imatha kujompha pafupifupi theka la utali wa thupi lake. Ikaluma, osamanga chingwe, osatema mphini, osayamwa bala, osaikapo ayezi, osamwa ibuprofen poti ululu wa njokayo umasokoneza kale kuundana kwa magazi. Vula mphete ndi wotchi, lemba mzere pamene kutupa kwalekezera pamodzi ndi nthawi yake, ubwerezenso mphindi 30 zilizonse. Chochiza ndi mankhwala a kuchipatala basi, monga CroFab kapena Anavip.

Chondivuta ndi ichi. Wakanikiza batani la SOS loitanira opulumutsa pa Garmin inReach (kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti), msewu uli pa makilomita 8, mwendo ukutupa. Uyambepo pang'onopang'ono kapena ukhale pansi? Ine ndikuona kuti kuchedwa kufika kuchipatala n'koopsa kuposa kuyenda, koma njoka ya mtundu wa Mojave ululu wake umatha kufoola minyewa ndi kupuma, ndiye munthu angakomoke panjira pomwe opulumutsa sakumuyembekezera.

Chinanso, ambiri amadutsa chigawo cha Los Angeles Aqueduct (njira ya madzi opita ku mzinda wa Los Angeles yodutsa m'chipululu) usiku kuthawa dzuwa, nthawi yomwenso njokazi zimatuluka kukatentha. Kodi tochi yapamphumi ndi ndodo n'zokwanira, kapena zotchinga miyendo zolimba zija n'zoyenera kulemera kwake?