Makina otsukira pansi akuzima okha ndikakanikiza burashi

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Tili ndi makina otsukira pansi okankha ndi manja, a mabatire awiri a 12V ndi burashi imodzi yozungulira ya masentimita 43. Pansi ndi pa simenti, m'nyumba yosungira katundu muno mu Chipata, ndipo matope ofiira a dzinja lino akukanirira pakhomo. Ndikaika burashi pa mlingo womaliza woikanikizira pansi, makina akumakokera kumbali, kenako mota n'kuzima. Ndimange pati?

Makaniko wa ku Katete:
Musamange, achimwene, masulani. Burashi imatsuka ndi nsonga za tsitsi lake. Mukaikanikiza kwambiri tsitsilo limagona n'kumangoseseleka pamwamba pa dothi, pomwe mota ikukoka magetsi ochuluka ndi kutentha. Kuzimako ndi breaker, kachipangizo kotetezera mota, imene ikudula magetsi kuti mota isapse. Mukamangoibwezera breakeryo n'kupitiriza, mudzaitanitsa mota ku Lusaka.

Chitani izi. Imikani makina pamalo osalala, tsekani madzi, wazani fumbi la choko pansi pa burashi. Itsitseni pa mlingo woyamba, izungulire masekondi 10 kapena 15 makina ali chiimire, kenako ikwezeni muone chizindikiro chimene yasiya. Chikhale chozungulira chathunthu. Ngati yapukuta mbali imodzi yokha, mutu wa burashi wapendekeka: onani mabauti ndi mapini a timikono timene timaunyamula, komanso sipuling'i ngati yafooka. Zikakhala bwino, kwezani mlingo umodzi umodzi, ndipo lekezani pamene dothi layamba kuchoka tsitsi likadali chilili.

Mayi wa ku Mchini:
Zoona bambo, koma pa nkhani ya kupendekeka tisamale. Makina ambiri okankha alibe mota ya mawilo, ndiye mutu wake anaupendeketsa pang'ono dala kuti burashi izikoka makina kupita kutsogolo. Mukauwongola kotheratu, wokankha athyoka msana. Pamakhala kachitsulo kopotokola kosinthira kakokedweko, kasuntheni pang'onopang'ono mpaka makina aziyenda molunjika.

Koma matope ouma safuna mphamvu, amafuna nthawi. Sesani kaye mchenga wonse, chifukwa ndi umene umadya burashi ndi mphira wokokera madzi. Ulendo woyamba yendani mphirawo uli m'mwamba, vakyumu yoyamwa madzi ili yozima, madzi a sopo atsale pansi mphindi 5 mpaka 10 osawalola kuuma. Ulendo wachiwiri tsitsani mphira muwakoke. Sopo akhale wosachita thovu lambiri, muyezo wake wa pa botolo. Thovu likadzaza m'thanki ya madzi akuda limafika ku mota ya vakyumu.

Wa ku Kapata:
Zikomo amayi. Tsitsi la burashi yathu lafupika ndithu, kodi ingakhale yatha?

Makaniko wa ku Katete:
Liyezeni. Likatsala pafupifupi sentimita imodzi, kapena lapindikira mbali imodzi osabwerera, sinthani. Burashi yotha ndi imene imapangitsa anthu kuwonjezera mphamvu. Ichotseninso muone pa shafti, chitsulo chimene chimaizunguza, makina ali ozima ndipo kiyi mwachotsa: ulusi wa masaka ndi mapulasitiki omangira katundu amakulungika pamenepo n'kulemetsa mota ngakhale pa mlingo woyamba. Mukaweruka, siyani burashi ili m'mwamba, apo ayi kulemera kwa makina kuligoneka tsitsi usiku wonse.