Za Prado yanga ija, vuto lapezeka

Abale ndabweranso ndi ya Prado ija ya injini ya 1KZ, ndinafunsa kuti bwanji ikufooka pa zitunda za ku Zóbuè n'kumatulutsa utsi wakuda bii. Ambiri munati ma injekita (tizipangizo topopera dizilo mu injini) koma ayi ndithu. Makaniko wa ku Ulongwe anapeza payipi ya turbo itang'ambika kunsi komwe maso safika, mphepo imathawira pompo ndiye dizilo samapsa bwino. Fyuluta nayo inali ndi madzi, dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu uja ndamusiya basi.

Tasintha zonse ziwiri, dzulo ndakwera kuchokera ku Moatize katundu atadzaza, ikukoka bwinobwino. Chatsala imavuta kulira m'mawa kukazizira, ndikukayikira ma glow plug (tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini isanalire), alipo akudziwa koyezetsa kuno ku Angónia?